Khadi la Amai Rozina ndi Mtondo wa Nsinjiro

Lolemba, 6 Juni

Kukuzizira. Ndadzuka molawirira, ndavala jekete, kenako ndakumbukira kuti depoti ya kopaletivu anaitseka chaka chatha ndipo kalaliki wake, amene ndi ine, alibe kopita. Ndavula jekete. Ndavalanso, chifukwa kukuzizira ndithu.

Komabe sabata ino ntchito ilipo. Loweruka ndi tsiku la kagulu kathu kosoka mabuku, ndipo mutu wa makhadi a mwezi uno ndi KWATHU.

Malamulo athu, monga anawalembera Amai Daka, apampando:

1. Pepala la khadi upange wekha. La m'sitolo ayi.
2. Mutu wa mwezi usankhidwe ndi voti.
3. Dzina la womupangira khadi utole m'chipewa, usauze munthu.
4. Mawu asapitirire khumi.
5. Ndale zitsale panja pamodzi ndi njinga.

Chiyambire zipani zambiri, Amai Daka amatiponyetsa voti pa chilichonse. Mwezi watha tinavotera zotsegula zenera. Ofuna mphepo anapambana, koma zenera linakana.

Ine ndinatola dzina la aNjobvu, amene amabwera pa basi kuchokera ku Nyimba. Munthu wabwino, alibe mlandu. Koma khadi langa ndipangira Amai Rozina.

Amai Rozina ndiwo anatiphunzitsa zonsezi. Anafika kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique, mtolo pamutu, m'mtolomo muli singano yopindika ya bambo awo, amene ankasoka mabuku pa mishoni ina cha ku Tete. Amuna awo anaikidwa kuno. Tsopano nkhondo yatha, malole akubweza anthu kwawo, ndipo pamsonkhano wathawu tonse tinaona fomu ya obwerera kwawo ikusuzumira m'chikwama chawo. Yofiirira pang'ono, ngati duwa la thonje la tsiku lachiwiri, chidindo pamwamba. Ndagwira mafomu zaka makumi awiri ndi zitatu. Fomu yodindidwa ndimaidziwa chimene ikunena. Malole ena anyamuka mwezi uno usanathe.

Palibe anafunsa. Tinangovotera KWATHU, anthu asanu ndi awiri, iwo okha manja ali pamiyendo.

Buku la nyimbo la malemu mayi anga linali litathothoka ngati nkhuku ya chitopa. Amai Rozina analisoka tsamba ndi tsamba, osadula ngakhale ngodya zakuda zimene chala cha mayi chinkagwira. Mpaka lero limatseguka lokha pa nyimbo yawo. Munthu wotere sindingamuuze pamaso kuti musapite. Ndine yani ine? Koma khadi lilibe manyazi.

Pulani: khadi lopinda patatu. Mbali yoyamba msewu waukulu wa ku Lusaka, yachiwiri mapiri athu, yachitatu munda wawo wa mtedza. Mawu atatu okha: "Kwanu ndi kuno." La aNjobvu ndidzapanga Lachisanu, silichedwa.

Ndaviika m'ndowa mapepala akale a depoti. Anali oti atenthedwe, ine n'kuwanyamula pa njinga matumba awiri. Amake Esnart, mkazi wanga, akuti iyi ndiyo penshoni yanga.

Lachiwiri, 7 Juni

Tsiku losinja. Amai Rozina amati, "Sinjani mpaka pepala liiwale zimene analilemba."

Pakhomo pano pali mitondo iwiri. Waukulu wa chimanga anabwereka oyandikana nawo. Waung'ono ndi wa nsinjiro, ndipo mwini wake, Amake Esnart, wapita kumsika. Ndingobwereka, nditsuka, sadziwa.

Kusinja si masewera! Mayi anga ankasinja akuyimba, mwana ali kumbuyo. Ine ndasinja kakhumi, mapewa ayamba kufunsa kuti talakwa chiyani.

Ondionerera pampanda:
amai atatu ochokera ku mjigo,
wogula thonje wina wa sikelo yake yapanjinga, amene waima dala,
mbuzi.

Mmodzi wa amai aja wati, "Uyu ndiye ufulu wa manje, azibambo ayamba kusinja." Wogula thonje wafunsa ngati phalalo ndigulitsa pa kilo. Masiku ano aliyense ndi wogula, aliyense ali ndi sikelo yake, ndipo sikelo iliyonse ili ndi maganizo ake.

Posinja ndikuona zolemba zanga zikusungunuka. Mayina a alimi amene ankabwera ndi ngolo m'mawa, ng'ombe zikutuluka nthunzi m'mphuno. Sakala wa ku Kalindawalo, amene ankaima pa sikelo yekha chaka chilichonse kuti aone ngati wanenepa. Ndamuona dzina lake likuyandama, ndazengereza, kenako ndamusinja. Pepani aSakala.

Madzulo mwini mtondo wabwera, wanunkhiza, sanafunse kawiri. "Mwasinjilamo chani mu mtondo wanga?" Ndafotokoza za luso, za mutu wa mwezi, za Amai Rozina. Wamvetsera zonse, kenako watsira nsinjiro m'chibwabwa, masamba a maungu aja. Ndiwo zikumveka ofesi. Tadya, ndipo pa dzino la Amake Esnart ndaona kachilembo kakang'ono, koma sindinanene.

Phala langa la pepala nalo likununkhira mtedza. Ndikuona kuti ndi bwino. Fungo la kwathu lenilenilo.

Lachitatu, 8 Juni

Vuto: kagulu konse kali ndi feremu imodzi yokha yosefera pepala, ya waya wa udzudzu, ndipo imakhala kwa Amai Rozina. Ndapalasa njinga kulowera ku Kalindawalo, mphepo ikuluma makutu.

Zimene ndapeza pakhomo pawo:
matumba asanu osokedwa kukamwa, ondandalikidwa pakhonde;
khola la mbuzi lopanda mbuzi;
miphika yonse yotsukidwa, yovundikira pathandala.

Munthu wokhala satsuka miphika yonse tsiku limodzi.

Andilandira ndi "Fikani, aKalaliki." Ndi iwo okha atsala ondiitana choncho. Ndati ndimangodutsa, ndabwera kudzapereka moni. Ati ndine wachinayi kungodutsa sabata ino, ndipo sankadziwa kuti njira yothera pa munda wawo yasanduka msewu waukulu. Za fomu sindinafunse. Ndafunsa za mphepo, za mtedza, za bondo lawo. Iwo atchula okha kuti mng'ono wawo wa ku Tete watumizanso uthenga, akuti mango a pabwalo la bambo awo akadalipo. Atanena zimenezo ayang'ana kum'mwera nthawi yaitali. Ine ndayang'ana nsapato zanga.

Feremu palibe. Akuti iwo anaigwiritsa ntchito Lolemba m'mawa, Amai Daka n'kudzaitenga dzulo, ndipo pali kale mndandanda wa oidikira. Ndabwerera ndi mtedza, masamba ake ali pomwepo, m'thumba la jekete, chifukwa pakhomo paja munthu sachoka chimanjamanja.

Kunyumba ndatenga sefa ya ufa. Yozungulira. Choncho pepala nalo latuluka lozungulira, lalikulu ngati mbale. Kupinda patatu kwatha pamenepo. Msewu, mapiri ndi munda zidzapanikizana pa mbale imodzi, monga alendo pamaliro.

Pepala lonyowa limafuna nsalu yoyalapo. Amake Esnart andiponyera chitenje chakale cha chipani chija tinkavina tonse, chimene tsopano amafundika nkhuku yofungatira. "Tengani, yasila nchito monga imwe." Ndayala, ndapsinja ndi thumba la chimanga pamwamba. Mawa tiona zokongola.

Lachinayi, 9 Juni

Ndachotsa thumba. Ndamatula nsalu pang'onopang'ono, monga anatiphunzitsira.

Pepala likundiyang'ana!

Utoto wa chitenje walowa. Pakati penipeni pali diso limodzi ndi theka la khutu la mtsogoleri wakale. Ndatembenuza, kuseri nakonso lilipo. Zaka zonse zija nkhope imeneyi inali pakhoma la ofesi yanga, pamwamba pa sikelo, ndipo ndinkaipukuta fumbi Lolemba lililonse. Sindinkadana nayo. Kungoti lero siinaitanidwe.

Amake Esnart asuzumira, ati, "Akali kutiyang'ana," n'kupita kukatunga madzi.

Lamulo lachisanu. M'kagulu mwathu theka ndi la chipani chakale, theka la chatsopano, ndipo chimene chimatigwirizanitsa ndi ulusi basi. Diso ili likafika patebulo, ena aimba nyimbo, ena atuluka.

Njira zimene zilipo:
kuyambiranso (phala latsala lochepa, mtondo abisa);
kunena kuti ndi diso la Mulungu (Amai Daka alizindikira, analivala zaka zambiri);
kulisandutsa dzuwa lolowa pamwamba pa msewu.

Ndasankha dzuwa. Masana kondakitala wa basi ya ku Nyimba wandisiyira mtolo wa luzi la nthochi lochokera kwa aNjobvu, amene amagawira gulu lonse mwezi uliwonse osapemphedwa. M'katimo muli kakalata: akuti sakudziwa amene anatola dzina lawo, koma ayeretsa kale malo pakhoma. Ndakapinda kakalatako kanayi, ndakaika pansi pa Baibulo.

Ndaphika phala la ufa wa chinangwa lomatira. Ndadula luzi la aNjobvu tizidutswa, ndamata mozungulira diso kuti tikhale kuwala kwa dzuwa. Ndabwerera m'mbuyo masitepe atatu kuti ndione bwino.

Likadali diso. Kungoti tsopano lili ndi nsidze.

Komabe msewu watuluka bwino, wa makala osakaniza ndi madzi. Munda ndamata masamba enieni a mtedza uja anandipatsa. M'munsi ndalemba ndi dzanja langa la ku ofesi, limene alimi ankati ndi lokongola kuposa mitengo yogulira imene linkalemba: "Kwanu ndi kuno." Ndaliika pamwamba pa kabati kuti liume.

Lachisanu, 10 Juni

Makoswe.

Nsinjiro m'kati, chinangwa pamwamba, masamba a mtedza pambali. Ndinawakonzera phwando, n'kuwaikira pamalo pabwino pomwe mphaka safika.

Zimene adya: munda wonse, msewu kuyambira pa Petauke mpaka cha ku Kacholola, phiri limodzi, ndi mawu oti "kuno".
Zimene asiya: "Kwanu ndi", bowo lolowa zala zitatu, ndi diso. Ngakhale makoswe diso lija aliopa.

Ndakokota phala lotsala m'ndowa, lokwana pepala limodzi laling'ono. Ili likhale la aNjobvu, lamulo lisafe lonse. Koma kunja kuli mitambo, dzuwa lakana kutuluka. Ndaliyanika pamwamba pa mbaula. Ndapita kukathamangitsa mbuzi ku dimba, mphindi zochepa chabe. Pobwera ndapeza lapindika, lafufuma, lapsa m'mbali. Amake Esnart afunsa ngati ndayamba kuphika zitumbuwa, ndipo ngati n'choncho ndiwonjezere shuga.

Choncho aNjobvu alibe khadi. Amai Rozina ali ndi bowo.

Ndakhala pa mpando kuseri kwa nyumba nthawi yaitali. Kwathu kwenikweni ine ndi cha ku Nyalugwe, ndipo papita zaka khumi ndi chimodzi ndisanapondeko. Nyumba ya mayi inagwa, pamalopo akuti pamera mpoza. Ndikatseka maso ndimaona njira yonse, mwala uliwonse, mpaka pa mtsinje. Ngati ine ndimaona choncho malo amene ndikhoza kufikako ndi njinga, nanga iwo mango a bambo awo amawaona bwanji? Ndipo ine ndikufuna kuwatsekereza ndi mbale ya pepala, kuti ndizikhala ndi wondisokera mabuku ndi wondiitana kuti aKalaliki. Mwina makoswe ali ndi ulemu kuposa ine. Mawu amene adya ndi amene sindinayenere kulemba.

Ndauza Amake Esnart kuti mawa ndidwala. Ati, "Mtondo wanga mwauononga kale. Muzapita, na diso yanu."

Loweruka, 11 Juni

M'chipinda cha Sande sukulu, timipando ta ana, mawondo kufika pachifuwa. Tonse asanu ndi atatu tilipo. ANjobvu afika ndi phava la nthochi ndi malaya ositidwa. Ndawapatsa moni ndikuyang'ana nthochizo.

Mwambo wake ndi wakuti makhadi amaikidwa m'lichero atakulungidwa, dzina lili pamwamba, ndipo apampando amaitana. Amai Daka atenga loyamba: Amai Rozina. Lachiwiri: Amai Rozina. Lachitatu aliyang'anitsitsa, apukuta magalasi. Pofika lachisanu palibe akuyang'ana mnzake. Lachisanu ndi chiwiri aliwerenga motsitsa mawu, chifukwa dzanja lake ndi lawo lomwe.

Makhadi asanu ndi awiri, munthu mmodzi! Aliyense anatola dzina lina m'chipewa, aliyense n'kuganiza kuti ndi yekha wochenjera. Amai Daka ayamba kunena kuti tivotere chilango cha ophwanya lamulo lachitatu, kenako awerenga manja amene angatsale, akhala pansi.

M'lichero mwatsala limodzi. Langa, lochokera kwa Amai Rozina, munthu yekhayo amene wasunga lamulo. Sindinalitsegule, ndangoliika m'thumba la jekete.

Iwo ayala makhadi awo pamiyendo, ayamba kuwayesa limodzilimodzi monga amayesera mazira pamsika. La Amai Daka lili ndi mawu khumi ndi asanu ndi anayi ndipo likadali lonyowa. La aNjobvu ndi nthochi yosokedwa pa katoni ya sopo, dzina la sopo likuoneka. Lina lang'ambika pongolitsegula. Onse akunena chimodzi, aliyense mwa njira yake yokhota: musapite.

Lopanga ine alisiyira kumapeto. Alinunkhiza. Alitembenuza. Alikweza kumaso, ndipo ndaona diso lawo likundiyang'ana kudzera pa bowo, pambali pa diso linalo. Theka la gulu layamba kuseka, theka lina likudziletsa, kenako nalo lagonja.

"AKalaliki, kwanga ni pa bowo?"

Ndati makoswe, amai.

"Makoswe sadya pepala yosinjiwa mu mtondo woyela." Aliika pansi, atiyang'ana tonse. "Zaka zinayi nikuphunzitsani. Zinayi. Nikakwela lole, anthu azabwela kuona izi, azafunsa kuti anawaphunzitsa ni ndani. Muzakamba kuti Rozina. Manyazi aya siningapite nayo ku Tete, pa manda ya atate anga. Sinipita."

Kenako Amai Daka afunsa mwaulemu ngati tingavotere zimenezo, ndipo ayankhidwa kuti ayi.

Wina walimba mtima, wafunsa za matumba a pakhonde. Ndi mtedza, ukudikira wogula wa sikelo yoona. Mbuzi inapita ku ubatizo wa mdzukulu. Miphika amatsuka Lachitatu lililonse, ndipo akudabwa kuti kwathu sititero.

Chigamulo chawo, chopanda voti: tonse tibwerera pa chiyambi. Ine miyezi itatu ndizingosinja, osakhudza feremu, singano kapena nsalu ya mtundu uliwonse.

ANjobvu aimirira, ati iwo akwera basi kuchokera ku Nyimba, asita malaya, akhomera msomali pakhoma, ndipo akufuna kungodziwa kuti anatola dzina lawo ndani. Sakwiya, akungofuna kudziwa. Ndakweza dzanja pang'ono, ngati ndikukanda khutu. Andipatsa nthochi. Zikanakhala bwino akanandimenya nayo.

Pobwerera njinga ikuyenda yokha. Ndauza Amake Esnart kuti khadi langa, loipa chomwecho, ndilo lagwira ntchito, chifukwa ndi pa ilo pamene anasinthira maganizo. Ati, "Ehe," monga amanenera kwa ana.

Lamlungu, 12 Juni

Titaweruka ku tchalitchi ndakhala pakhonde, ndatulutsa khadi lija anandipangira Amai Rozina.

Laling'ono, lokwana m'dzanja. Pepala lopyapyala, losalala ngati khungu la m'kati mwa dzira. Pakati asokerapo tsamba limodzi la mtedza ndi ulusi woyera, misoko yofanana ngati mano a mwana. Mawu palibe ngakhale amodzi.

Mtundu wake ndi umene wandiimitsa. Wofiirira pang'ono, ngati duwa la thonje la tsiku lachiwiri.

Ndalikweza padzuwa. Pangodya ya m'munsi pali kachidutswa kosasinjika, kochepa ngati chikhadabo, ndipo pa iko pali mbali ya chidindo, mzere wokhota ndi zilembo ziwiri. Amai Rozina sasiya kachidutswa mwangozi. Zaka zinayi sindinaonepo pepala lawo likukumbukira kanthu. Aka anakasiyira kalaliki, munthu yekhayo m'gulu amene angakazindikire.

Feremu anaigwiritsa ntchito Lolemba m'mawa. Ndiye kuti pamene ine ndinkaviika mapepala anga m'ndowa ndi pulani yanga yopinda patatu, fomu yawo inali itasinjidwa kale, ikuuma pakhoma. Mapewa anga, mtondo, chitenje, makoswe, msomali wa aNjobvu: zonsezo zinali zopulumutsa munthu amene anali atakhala kale pansi. Ndipo chifukwa chake chenicheni sanatiuze, ndipo sadzatiuza. Mwina manda a amuna awo, mwina mdzukulu, mwina mtedza. Anangotipatsa chifukwa chimene tingathe kunyamula.

Ndaonetsa Amake Esnart. Ayang'ana, ati anadziwa kuyambira mwezi watha, pamene anakumana nawo kumsika akusankha mbewu ya chaka chamawa. Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze. Ati sindinafunse, ndipo anaona kuti kusinja kukundichitira bwino.

Khadi ndaliika m'buku la nyimbo la mayi, pa tsamba lija limatseguka lokha. Lakwana ngati analiyeza.

Za mawa:
kutchera msampha pamwamba pa kabati;
kubwezera nkhuku chitenje chake;
kufunsa amene amasema mitondo, chifukwa waung'ono uja sindikuuonanso;
kuviika mapepala ena a depoti, a aNjobvu, ngakhale sindiloledwa kuwasefa.

Thumba limodzi ndi theka latsala. Miyezi itatu likwana. Jekete ndisavale, posinja munthu amatentha.